Mmene Nyama Zikusinthira Khalidwe Chifukwa cha Zochita za Anthu

Nyama iliyonse ili ndi kachitidwe kake: nthawi imene imatuluka kukafuna chakudya, njira imene imadzera popita kumadzi, kaitanidwe ka inzake, malo oswanirana ndiponso chimene imachita ikamva fungo la mdani. Kachitidwe kameneka kanaumbika m'mibadwo yambirimbiri molingana ndi malo amene nyamayo imakhala. Koma m'zaka 100 zapitazi anthu asintha malowo mofulumira kwambiri. Nkhalango zasanduka minda, m'zigwa mwadutsa misewu, usiku ukuwala ndi magetsi, m'nyanja mukulira mainjini a sitima, ndipo dziko likunka litentha. Zikatere, chimene chimayamba kusintha pa nyama ndi khalidwe lake. Kuti thupi lisinthe pamafunika mibadwo yambiri, pamene nthawi yodyera kapena njira yopita kumadzi ikhoza kusintha m'masiku ochepa chabe.

Akatswiri a sayansi ya zamoyo amaona kusinthaku kukubwera m'njira zitatu. Poyamba, nyama imaphunzira yokha kapena kuonera zinzake. Kachiwiri, imasamuka kapena kusintha nthawi yochitira zinthu. Kachitatu, nyama za khalidwe lina zimafa zisanabereke, za khalidwe lina n'kupulumuka, kotero kuti ana obadwa pambuyo pake amatengera makolo opulumukawo. Kusintha kwina kumaipulumutsa nyama, kwina kumailowetsa m'mavuto aakulu. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi kawirikawiri n'chakuti kaya zizindikiro zimene nyamayo imadalira, monga kuwala, fungo, phokoso ndi kutalika kwa usana, zikuiuzabe zoona kapena ayi.

Mantha a munthu

Nyama zambiri zakutchire zimaopa munthu kuposa chilombo china chilichonse. Mu 2023 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Liana Zanette wa ku Canada linafalitsa zotsatira za kafukufuku amene linachita m'dera la Kruger ku South Africa. Iwo anaika makamera ndi zokuzira mawu pafupi ndi zithaphwi zimene nyama zimamwapo m'chilimwe. Nyama ikafika, makinawo ankatulutsa mawu a anthu akucheza modekha, kapena kubuma kwa mikango, kulira kwa mfuti kapenanso kuuwa kwa agalu. Pafupifupi mitundu yonse 19 ya nyama imene anaiona inkathawa kwambiri ikamva anthu. Mpata woti nyama ithawe unali wowirikiza kawiri ikamva mawu a munthu poyerekeza ndi pamene yamva mkango, ndipo inkachoka pamadzipo mofulumira kwambiri.

Mantha amenewa sachitika mwachisawawa. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, Karen McComb ndi anzake anaonetsa mu 2014 kuti njovu zimasiyanitsa mawu a anthu. Zikamva mawu a amuna a mtundu wa Maasai, amene nthawi zina amalasa njovu polimbirana madzi ndi msipu wa ng'ombe, zinkaunjikana pamodzi kuteteza ana. Mawu a amuna a mtundu wa Kamba, amene ambiri ndi alimi, sankazidetsa nkhawa kwenikweni, chimodzimodzinso mawu a amayi ndi anyamata achi Maasai.

Njira imene nyama zambiri zatsata pothawa anthu ndiyo kuyenda usiku. Mu 2018 Kaitlyn Gaynor wa ku yunivesite ya California, Berkeley, anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 76 wokhudza mitundu 62 ya nyama zoyamwitsa m'makontinenti asanu ndi limodzi. Anapeza kuti kumene kuli anthu ambiri, nyama imene mwachibadwa imagawa ntchito zake mofanana pakati pa usana ndi usiku imafika pochita pafupifupi magawo 68 pa 100 alionse usiku. Izi zinkachitika ngakhale kumene anthuwo sankasaka, monga m'njira za okwera mapiri. Kumpoto kwa Kenya, njovu zovekedwa makolala olondolera zinkayenda kwambiri usiku m'madera amene opha nyama mozembera malamulo anali ambiri. Kuyenda usiku kumachepetsa kukumana ndi anthu, koma kuli ndi mtengo wake. Nyama ya maso ozolowera usana siona bwino chakudya mumdima, ndipo ikhoza kugwa m'kamwa mwa zilombo zimene kale sinkakumana nazo.

Banja likapasuka

Nyama zokhala m'magulu, monga njovu ndi anyani, zimaphunzira zambiri kwa akuluakulu a gulu lawo. Anthu akapha zazikuluzo, zotsalazo zimakula popanda mwambo wa mtundu wawo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha ku paki ya Pilanesberg ku South Africa. M'zaka za m'ma 1980, njovu zazing'ono zimene makolo awo anaphedwa pochepetsa chiwerengero cha njovu ku Kruger zinasamutsidwira kumeneko. Zamphongo zitakula, zinayamba msanga kulowa m'nyengo yolusa imene njovu yamphongo imafuna zazikazi, ndipo zinkakhalitsa m'nyengoyo. Pakati pa 1992 ndi 1997 zinapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 oyang'anira pakiyo anabweretsa njovu zamphongo zikuluzikulu zisanu ndi imodzi kuchokera ku Kruger. Kupezeka kwa zazikuluzo kunaziziritsa zazing'ono zija, ndipo kupha zipembere kunatha.

Ku paki ya Gorongosa m'dziko la Mozambique, nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 inatha nyama zikuluzikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse. Njovu zinatsika kuchoka pa pafupifupi 2,500 kufika pa mazana awiri ndi zochepa, chifukwa asilikali ankagulitsa minyanga kuti agule zida. Zimene zinapulumuka zinakhala zaukali, ndipo kwa zaka zambiri nkhondo itatha zinkathamangitsa magalimoto, khalidwe limene ana awo anaonera. Panachitikanso kusintha kwa m'magazi. Nkhondo isanayambe, njovu zazikazi pafupifupi 19 pa 100 zilizonse zinalibe minyanga, koma mwa zopulumuka zinafika pa 51, popeza zopanda minyanga sankazilabadira. Kafukufuku wa Shane Campbell-Staton ndi anzake, amene anatuluka mu 2021, anaonetsa kuti ana aakazi ambiri obadwa pambuyo pake anatengera kusowa minyangako. Njovu yopanda minyanga singathe kusenda makungwa kapena kukumba pansi ngati inzake, motero kadyedwe kake kamasinthanso.

Nkhondo yomweyo inatha akambuku, mimbulu ndi afisi m'pakimo. Mbawala, zimene mwachibadwa zimabisala m'zitsamba zowirira, zinayamba kutulukira pachigwa poyera pamene panali zomera zopatsa thanzi, ndipo zinanenepa kuposa zotsala m'nkhalango. Ofufuza atatulutsa kulira kwa kambuku pa zokuzira mawu ndi kumwaza fungo la zilombo, mbawala za pachigwazo zinathawira kumitengo. Mantha anali akadalipo, chimene chinasowa ndi chowaputa. Mimbulu inabwezeretsedwa ku Gorongosa mu 2018.

Mipanda, misewu ndi minda

Nyama zambiri zimafuna malo aakulu chifukwa msipu ndi madzi zimasuntha ndi nyengo. Kafukufuku wa 2018 wotsogozedwa ndi Marlee Tucker, amene analondola nyama 803 za mitundu 57, anapeza kuti kumene kuli misewu, minda ndi nyumba zambiri nyama zimayenda theka chabe, mwinanso gawo limodzi mwa magawo atatu, la mtunda umene zimayenda kumalo kopanda anthu. Zina zimatero chifukwa zatsekerezedwa, zina chifukwa zapeza chakudya pafupi m'minda ndi m'madzala. Nyama zikasiya kuyenda, njere za mitengo zimene zinkamwaza ndi ndowe zawo sizifikanso kutali.

Ku Botswana boma linamanga mipanda yaitali ya waya pofuna kuteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. M'chilala cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyumbu zikwizikwi za ku Kalahari zinafa chifukwa mipandayo inatseka njira zawo zopita kumadzi. Koma m'dziko lomwelo munaoneka kuti khalidwe likhoza kubwerera. Mpanda umene unatseka njira ya mbidzi pakati pa Okavango ndi Makgadikgadi kuyambira 1968 unachotsedwa mu 2004, ndipo patangopita zaka zochepa mbidzi zinayambiranso ulendo wa makilomita oposa 500 kupita ndi kubwera, ngakhale kuti panalibe mbidzi yamoyo imene inauyendapo kale.

Kumene minda yafika m'malire a nkhalango, njovu, mvuu, nguluwe ndi anyani zimaphunzira kuti chimanga, maungu ndi nthochi n'zokhutitsa msanga kuposa zomera zakutchire. Njovu zimalowa m'minda usiku, makamaka mbewu zikayamba kucha, ndipo zamphongo ndizo zimalimba mtima kwambiri. Zina zimaphunzira kugwetsera mtengo pampanda wamagetsi kapena kukankha nsanamira zake. Ku Malawi vutoli lachititsa kuti njovu zisamutsidwe kangapo. Mu 2009 njovu 83 zinachotsedwa ku Phirilongwe m'boma la Mangochi kupita ku Majete. Mu 2016 ndi 2017 zoposa 500 zinachoka ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Kusamutsa kumapepuza dera limodzi, koma njovu imapita ndi zimene inaphunzira, n'chifukwa chake mpanda wolimba ndi kukonzekeretsa anthu a kumalo atsopanowo n'zofunika kwambiri.

Chakudya cha kudzala

Zinyalala za m'mizinda zakhala nkhokwe ya nyama zambiri. Mumzinda wa Lilongwe muli afisi amene amabisala usana m'malo owirira a m'mbali mwa mitsinje n'kumayendayenda usiku. Ku Harar m'dziko la Ethiopia afisi amafika pamakoma a mzinda ndipo anthu ena amawadyetsa nyama pamanja. Kufupi ndi mzinda wa Mekelle m'dziko lomwelo, afisi amadalira kwambiri zotaya za m'mabutchala ndi m'makomo. Akhristu a mpingo wa Orthodox akayamba kusala nyama kwa masiku 55 Pasaka asanafike, zotayazo zimachepa, ndipo afisi amatembenukira kwa abulu. Ofufuza anapeza ubweya wa abulu m'ndowe za afisi pafupifupi 15 pa 100 zilizonse nyengoyo isanayambe, koma mkati mwa nyengoyo zinafika pa 33.

Dzala likhoza kuthetsa ngakhale ulendo wa mibadwo. Adokowe oyera a ku Ulaya mwachibadwa amauluka kubwera ku Africa nyengo yozizira ikayamba kwawo. Tsopano ambiri a ku Portugal ndi Spain sachokanso, chifukwa amadya kumtaya chaka chonse. Ku Portugal adokowe otsalira m'nyengo yozizira anali pafupifupi 1,200 mu 1995, koma pofika 2015 anali oposa 14,000.

Luso lopezera chakudya cha anthu limafalikira mwa kuonerana. Ku Sydney m'dziko la Australia, mbalame zoyera za mtundu wa cockatoo zinaphunzira kutsegula zivundikiro za mabini a zinyalala ndi mlomo ndi phazi. Chaka cha 2018 chisanafike, zimenezi zinkaoneka m'madera atatu okha a mzindawo, koma pakutha pa 2019 zinali m'madera 44, ndipo zinkafalikira kuchoka dera lina kupita loyandikana nalo. Ku Cape Town anyani amatsegula mazenera ndi zitseko za magalimoto, moti mzindawo wakhala ukulemba anthu ntchito yowaingitsa.

Chakudya chapafupi chimadza ndi matenda ndi mikangano. Robert Sapolsky, amene anafufuza anyani ku Kenya kwa zaka zambiri, anaona gulu lina limene amphongo ake aukali ankapita kukalimbirana zotsala padzala la malo ogona alendo. M'zaka za m'ma 1980 amphongowo anadya nyama ya ng'ombe yokhala ndi chifuwa chachikulu, ndipo pafupifupi theka la amphongo onse a gululo linafa. Otsala anali ofatsa. Patapita zaka khumi, gululo linali lofatsabe ngakhale kuti amphongo onse akale anali atatha, chifukwa obwera kumene ankatengera khalidwe limene analipeza.

Phokoso ndi kuwala

Mbalame zimaimba pofuna zazikazi ndi poteteza malo awo, choncho phokoso la magalimoto limazisokoneza. Mu 2003 Hans Slabbekoorn anapeza kuti timbalame totchedwa great tit ta m'malo aphokoso mumzinda wa Leiden ku Netherlands timaimba ndi mawu okwera kuposa tinzawo ta m'malo abata, chifukwa mkokomo wa magalimoto umamiza mawu otsika. Ku Sheffield m'dziko la Britain, mbalame za robin za m'malo aphokoso usana zimaimba usiku. Kusinthaku kukhoza kubwerera msanga. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachepetsa magalimoto ku San Francisco, mpheta za kumeneko zinayamba kuimba motsitsa, komabe nyimbo zawo zinkamveka pamtunda wowirikiza kawiri.

M'madzi phokoso limafika kutali kuposa pamtunda. Anamgumi ambiri akuluakulu amaitanizana ndi mawu otsika kwambiri, ofanana ndi mkokomo wa mainjini a sitima zikuluzikulu, ndipo ena amakweza mawu kapena kusiya kuitana sitima ikamadutsa. Zigawenga zitaukira dziko la America pa 11 Sepitembala 2001, sitima zinachepa kwa kanthawi ku Bay of Fundy m'dziko la Canada. Ofufuza amene ankayeza ndowe za anamgumi kumeneko anapeza kuti zizindikiro za kupanikizika m'thupi mwawo zinatsika m'masiku abatawo.

Mphamvu ya kuwala pa zamoyo n'njodziwika kwa aliyense wogwira ngumbi ndi nyali, ndiponso kwa asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi, amene amakopa nsomba ndi nyali asanaponye chilimira. Magetsi a m'mizinda amachita zomwezo usiku uliwonse popanda wofuna. Tizilombo touluka timazungulira babu mpaka kufa, osadya ndiponso osaswana. Mbalame zoyenda usiku zimasochera n'kuwomba nyumba zazitali zowala. Ana a akamba a m'nyanja zamchere, akangoswedwa mumchenga, amalunjika kumene kukuwala kwambiri, komwe mwachilengedwe ndi kunyanja. Pagombe lokhala ndi mahotela ndi misewu amalowera kumtunda, kumene amafa ndi dzuwa, kupondedwa ndi magalimoto kapena kudyedwa.

Kutentha ndi kusokonekera kwa nyengo

Kukatentha kwambiri nyama imasiya kufuna chakudya n'kukabisala pamthunzi. Masiku otere akachuluka, njala imalowa. Kafukufuku wa Rosie Woodroffe ku Kenya, Botswana ndi Zimbabwe anaonetsa kuti mimbulu imasaka nthawi yochepa masiku otentha, ndipo ana ake ochepa ndiwo amakula ngati aleredwa m'nyengo yotentha. Ku Kalahari m'dziko la South Africa, ofufuza anatsatira mbalame za mlomo waukulu wachikasu za mtundu wa hornbill kuyambira 2008 mpaka 2019. Yaikazi imadzitsekera m'phanga la mtengo ndi mazira, yaimuna n'kumaibweretsera chakudya. Kukatentha, yaimuna imataya nthawi ikupuma wefuwefu ndipo imabweretsa chakudya chochepa. M'zaka zimenezo zisa zotulutsa anapiye zinatsika kuchoka pa 58 kufika pa 17 pa 100 zilizonse.

Vuto lina ndi kusemphana kwa nthawi. Ku Ulaya nyengo yofunda ikuyamba msanga, mitengo ikuphuka msanga, ndipo mbozi zimene mbalame zimadyetsa anapiye zikuchuluka msanganso. Mbalame ya pied flycatcher imakhala kumadzulo kwa Africa m'miyezi yozizira ya ku Ulaya, ndipo nthawi yonyamukira imaidziwa makamaka ndi kutalika kwa usana, kumene sikusintha ngakhale dziko litenthe. Ikafika ku Netherlands imapeza mbozi zili pafupi kutha. Mu 2006 Christiaan Both ndi anzake analengeza kuti m'nkhalango zimene mbozi zimachuluka msanga kwambiri, mbalamezi zinachepa ndi pafupifupi 90 pa 100 zilizonse m'zaka makumi awiri.

Zizindikiro zonama

Ngozi yaikulu imabwera pamene chinthu chopangidwa ndi anthu chikufanana ndi chimene nyama imafuna. Zimakhala ngati msampha wa mbewa: nyambo ndi yeniyeni m'maso mwa nyamayo, ndipo nzeru zake zachibadwa ndizo zimaikokera ku imfa. Akamba a m'nyanja amameza mapepala apulasitiki oyandama chifukwa amafanana ndi zamoyo zofewa zimene amadya. Tizilombo tina toikira mazira m'madzi timaikira pamsewu wa phula kapena pagalimoto yonyezimira, chifukwa kunyezimirako kumafanana ndi kwa madzi. Mu 1983 Darryl Gwynne ndi David Rentz analemba za tizilombo tina ta ku Australia timene tamphongo take tinkakwera mabotolo a mowa ofiirira otayidwa m'mbali mwa msewu, poyesa kuti ndi tatikazi, mpaka kufa ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi nyerere.

Nthawi zina chizindikiro chimangofufutika. Nsomba zambiri za m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa zimasankha zokwerana nazo poona mtundu wa khungu. Ku nyanja ya Victoria, Ole Seehausen anaonetsa mu 1997 kuti kumene madzi ada chifukwa cha dothi lokokoloka ndi ndere, zazikazi zimalephera kusiyanitsa zamphongo za mtundu wawo, motero mitundu imasakanikirana n'kuchepa. Mbuna za m'nyanja ya Malawi ndi za banja lomwelo ndipo nazonso zimadalira maso posankhana, choncho matope amene mitsinje imabweretsa kuchokera kumapiri odulidwa mitengo ndi nkhani yoyenera kuitsata.

Zotsatira pa umoyo wa anthu

Kusintha kwa khalidwe la nyama kumabwerera kwa anthu. Udzudzu wofalitsa malungo mwachizolowezi umaluma m'nyumba pakati pa usiku, ndipo n'chifukwa chake maneti onyikidwa m'mankhwala apulumutsa miyoyo yambiri. Koma kumene maneti afala, udzudzu woluma panja kapena nthawi imene anthu sanagone ndiwo umapulumuka. Ku Benin ofufuza anapeza mu 2012 kuti m'mudzi wina udzudzu wa Anopheles funestus unayamba kuluma kwambiri m'bandakucha, wina mpaka dzuwa litatuluka. Kuchigwa cha Kilombero ku Tanzania gawo la kulumidwa panja linakula. Neti ikadali chitetezo chachikulu, koma zimenezi zikusonyeza kuti pafunikanso njira zina zotetezera anthu madzulo ndi m'mamawa.

Mileme nayo ikasowa chakudya chakutchire imayandikira anthu. Ku Australia, kudulidwa kwa nkhalango zimene zinkachita maluwa m'nyengo yozizira kunachititsa mileme yodya zipatso kusiya kuyendayenda n'kukhazikika m'mafamu ndi m'matauni. Kumeneko imapatsira akavalo kachilombo ka Hendra, kamene kanadziwika koyamba mu 1994 ndipo kamapha akavalo ndi anthu omwe. Kafukufuku wa zaka 25 anaonetsa kuti matendawa amabuka kwambiri pambuyo pa nyengo ya njala ya mileme, ndipo amachepa mitengo yotsala ikachita maluwa ambiri.

Zopirira ndi zolephera

Si nyama zonse zimene zingathe kusintha. Zimene zimapirira pakati pa anthu kawirikawiri ndi zodya chilichonse, zoswana msanga, zophunzira msanga ndi zosaopa zinthu zachilendo, monga akhwangwala, makoswe, apusi ndi afisi. Zolephera ndi zimene zimadalira chakudya chamtundu umodzi, malo amtundu umodzi kapena chizindikiro chimodzi chosasintha, komanso zobereka mwana mmodzi patapita zaka. Chifukwa cha ichi, mizinda ya m'maiko otalikirana ikunka ikhala ndi nyama zofanana, pamene nyama zopezeka dera limodzi lokha zikutha. Kuona nyama ikukhala pakati pa anthu sikutanthauzanso kuti ili bwino. Ikhoza kupezeka yambiri pamalo chifukwa kulibe kwina kopita, uku ikubereka ana ochepa kuposa amene akufa.

Kugwiritsa ntchito khalidwe la nyama

Kudziwa chimene nyama imaopa ndi chimene imatsata kumathandiza kuchepetsa mikangano popanda kupha. Njovu zimaopa njuchi, zimene zimaziluma m'chitamba ndi m'mbali mwa maso. Lucy King wa bungwe la Save the Elephants anayesa kuzinga minda ndi ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya, kuti njovu ikagunda wayayo ming'oma igwedezeke. Kufupi ndi Tsavo ku Kenya mipanda yotere inabweza njovu pafupifupi 80 pa 100 zilizonse, alimi n'kupezanso uchi wogulitsa. Ku Zambia, Zimbabwe ndi maiko ena alimi amafukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe kapena kupaka tsabola ndi oilo pazingwe zozinga munda. Mnyamata wina wa ku Kenya, Richard Turere, anapanga magetsi othwanima mosinthanasinthana pakhola, ndipo mikango inkayesa kuti ndi munthu akuyenda ndi tochi. Ku Botswana ofufuza anajambula maso kumatako a ng'ombe 683, ndipo m'zaka zinayi palibe imene inagwidwa ndi mkango kapena kambuku, pamene mwa ng'ombe 835 zosajambulidwa zinagwidwa 15. Zilombo zobisalira zimasiya nyama imene zikuganiza kuti yaziona.

Palinso makhalidwe amene amafuna kuti anthu apitirize mbali yawo. Mbalame ya nsadzu imatsogolera anthu kumene kuli njuchi, iwo n'kufula uchi, iyo n'kudya phula. Ku Niassa kumpoto kwa Mozambique, Claire Spottiswoode anapeza mu 2016 kuti ofula uchi achiyao akaitana ndi kaitanidwe kawo kapadera, mwayi wopeza njuchi umawirikiza katatu poyerekeza ndi phokoso wamba. Kumadera kumene anthu anasiya kufula uchi wakutchire, mbalameyi ikunka isiya kutsogolera anthu.

Njira zoopseza zili ndi malire ake, popeza nyama imene inaphunzira kuopa ikhozanso kuphunzira kuti choopsacho n'chabodza. Kuimba zitini ndi kusonkha moto pachilindo kumagwira ntchito masiku oyamba, kenako njovu zimazolowera. M'chaka cha chilala njuchi zimathawa m'ming'oma ndipo mpanda umafooka. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kusinthasintha njira ndi kuziphatikiza, komanso kuchotsa chimene chikukopa nyamazo: kukwirira madzala, kutseka mabini, kumanga nkhokwe ndi makola olimba. Pamlingo waukulu, zothandiza ndi kusiya mipata yoti nyama zizidutsa pakati pa nkhalango, kuzimitsa kapena kuphimba magetsi m'magombe ndi m'njira za mbalame panyengo yake, kuchepetsa liwiro la sitima kumene kuli anamgumi, ndi kusapha nyama zikuluzikulu zimene zimatsogolera magulu. Oyang'anira nkhalango amapindulanso akamatsata khalidwe la nyama, chifukwa limasintha chiwerengero chisanayambe kutsika. Njovu zikayamba kuyenda usiku wokhawokha kapena mbalame zikasiya kumanga zisa pamalo ozolowereka, pamakhala padakali nthawi yofufuza chifukwa chake ndi kuchikonza.